A Sikelo ndi Chitsulo cha Timadontho

Alamu anga, mwamuna wa mng'ono wanga, anabadwa pa 14 Juni 1952, ndipo akhala akugula zitsulo zakutha kuyambira mu 1983. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi ochepa. Aliyense amangoti a Sikelo, chifukwa sasiyana ndi sikelo yawo ya ngowe. Malo awo ndi mpanda wa malata kuseri kwa depoti ya basi: zitsulo zolemera kumanzere, zopepuka kumanja, pakati kanjira kongokwana wilibala. Pakona pali shelefu imene amaitcha "ya alendo".

Pa shelefupo amaikapo chitsulo chilichonse chimene sakuidziwa ntchito yake, atachilemba ndi choko tsiku limene chinabwera. Chitsulo chotero sichikwera lole yopita kosungunula mpaka chitadziwika. Lamuloli analiphunzira mowawa. Pa 6 Ogasiti 1998 anagula zitsulo zodulidwadulidwa osadziwa kuti wina anazidula pa mlatho, ndipo anakhala kundende mpaka pa 2 Febuluwale 1999. Anatulukako mano awiri palibe, atatengako nthenda yothamanga magazi. Za kumeneko safotokoza. Dokotala anauza mng'ono wanga poyera kuti mtima wa bambowa sungapirirenso zotero.

Lolemba pa 11 Malichi 2019 kunabwera apolisi awiri kudzayendera ogula zitsulo. Mmodzi wa iwo anafika pa shelefu ya alendo n'kutolapo chitsulo chopyapyala, chopindidwa pakati ngati chikuto cha kope, kukula kwakenso komweko. Mbali zonse chinali ndi timadontho tosawerengeka, tina totukuka ngati nsungu, tina tolowa m'kati, ndipo dzimbiri linali litadya m'mphepete.

"Madala, ichi n'chiyani?" anafunsa wapolisiyo.

"Ndi mlendo, bwana. Sindinamudziwebe."

"Simukumudziwa koma mukumusunga? Chopinda chonchi amaikamo pepala pakati. Mwezi watha tagwira anthu osindikiza ndalama zachinyengo, ndipo zipangizo zina sitinazipeze." Anachijambula ndi foni mbali zonse. "Lachisanu naini koloko mubwere nacho ku ofesi, mudzatiuze ntchito yake. Mukalephera, mudzabwere ndi bulangeti."

Mng'ono wanga anandiimbira akulira. Nditafika ndinachiyang'ana ndi magalasi anga onse awiri, koma timadonthoto tinkangooneka ngati mapazi a nkhuku pa mchenga.

Lachiwiri alamu anachikulunga m'thumba la simenti, ine ndikuwatsatira. Tinayambira kwa wowotcherera zitsulo, mnzawo amene adziwana naye kwa zaka makumi atatu.

"Achimwene, chitsulo chimalankhula chikayera," anatero, akulumikiza kale gilayinda yake yopalira zitsulo kumagetsi. "Ndichipale pang'ono, mwina pansi pa dzimbiripo pali dzina la kampani."

Alamu anachikwatula m'manja mwake. "Iwe, chilichonse kwa iwe n'chopala! Mlendo sitimumeta tisanamufunse kwawo."

"Ndiye kamufunseni, akakuyankheni m'Chizungu."

Makaniko anati ndi sefa ya injini, koma atachiyang'anitsa padzuwa anavomera kuti chilibe bowo lodutsa mafuta. Wosoka nsapato anati mwina n'choumbira pansi pa nsapato. Pomaliza tinalowa kwa wosindikiza makadi aukwati. Iyeyu anangochitsegula, kuona momwe timadontho ta tsamba lina tikulowera m'timaenje ta tsamba linzake, nkhope n'kusintha.

"Ichi n'chosindikizira ndithu, koma si cha inki. Chimene chimasindikiza sindikuchidziwa, ndipo sindikufuna kuchidziwa. Chotsanipo pano, abambo, ndili ndi ana."

Panjira pobwerera alamu anakhala pansi kawiri.

Lachitatu sanadye. Mng'ono wanga anati, "Abambo, kachiponyeni mumtsinje, muzikati chasowa."

"Nanga chithunzi chili m'foni ya bwana uja nacho ndikachiponye mumtsinje?"

Ndinawafunsa kuti choko chija chinalemba tsiku lanji. Linali 22 Januwale, Lachiwiri, ndipo Lachiwiri zitsulo zimabwera ndi munthu mmodzi yekha, dalaivala wa lole yobiriwira. Foni yake inali yozima. Mkazi wake anati ali pa ulendo, afika mawa lake.

Dalaivalayo tinamupeza Lachinayi masana akusintha tayala. Anakanda mutu nthawi yaitali, kenako anakumbuka kuti mulu wa tsikulo anautenga pa sukulu yakale imene ankagwetsa nyumba yake yosungiramo katundu. Tinakwera minibasi ziwiri. Pa sukulupo tinapeza mlonda wokalamba atakhala pa njerwa.

"Chitsulochi sindikuchidziwa," anatero mlondayo, "koma nyumba imeneyo kale munali makina a ana osaona. Ankaphunzira pano asanawasamutse. Mmodzi wa iwo ndi mayi uja amayankha matelefoni kuchipatala chachikulu. Kafunseni iyeyo."

Kuchipatala tinafika nthawi itakwana 4:20, mayiyo ataweruka kale. Mnzake wa mu ofesi anamuimbira, ndipo alamu analankhula naye. Mayiyo anati sangalonjeze kanthu asanachikhudze, komanso m'mawa amalowa ntchito seveni koloko. Akamulola abwana ake, adzatipeza kupolisi konko.

Lachisanu pa 15 Malichi tinakhala pa benchi ya kupolisi kuyambira 8:30. Alamu anavala malaya awiri ndi juzi ngakhale kunkatentha, ndipo tonse tinadziwa chifukwa chake. Naini koloko itadutsa wapolisi uja anatiitana.

"Tiuzeni, madala."

"Pali munthu akubwera, bwana."

"Onse amatero. Vulani lamba ndi zingwe za nsapato."

Alamu anawerama n'kuyamba kumasula. Mng'ono wanga anagwada kuti awathandize, misozi ikugwera pa nsapatozo. Nsapato yoyamba itatha, tinamva ndodo ikugogoda simenti m'khonde. Wotchi ya pakhoma inkati 9:25.

Anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, wovala suti yabuluu. "Pepani, foni za m'mawa sizitha. Chili kuti chitsulo chasowetsa anthu tulochi?"

Anachiika pa tebulo, kuchisisita ndi chikhatho, kenako n'kununkhiza zala zake. "Mwachipukuta ndi chiyani?"

"Palafini yekha, mayi," anatero alamu.

"Mwachita bwino. Mukanachipala bwenzi nditabwerera pachabe." Anapeza ngodya ya kumtunda, zala ziwiri n'kuyamba kuyenda kuchokera kumanzere. Milomo inagwedera kaye yokha. Kenako anaseka. "Tsamba 41. Madzi akawira amasanduka nthunzi. Nthunzi ikakhudza chinthu chozizira imasandukanso madzi. Tenga ketulo ndi mbale, aphunzitsi ako ali pomwepo."

Anafotokoza kuti ndi mmene ankapangira mabuku a anthu osaona. Pepala lolimba amalilowetsa pakati, makina n'kupana, timadontho n'kutuluka mbali zonse ziwiri za pepalalo. N'chifukwa chake kwa ife a maso tinkaoneka tosokonekera: masamba awiri anali pamalo amodzi. Tsamba limeneli iye analiwerenga ali Sitandade 5.

Wapolisiyo sanakhutire. "Ndingadziwe bwanji kuti simunapangane? Mukhoza kungolakatula za m'mutu."

Alamu anaima ndi nsapato imodzi yopanda chingwe, akupuma ngati akwera phiri.

"Muli ndi pepala lolimba, mwana wanga?" anafunsa mayiyo.

Wapolisi anang'amba chikuto cha fayilo yakale. Anachilowetsa pakati pa chitsulocho, kuchiika pansi, n'kupondapo ndi jombo, thupi lonse. Pepala linatuluka lili ndi timadontho. Mayiyo anauza wapolisiyo kuti asankhe yekha mzere. Wapolisiyo anawerenga mizere ndi cholembera, n'kuika chala cha mayiyo pa mzere wachisanu ndi chiwiri wa pepala, n'kulemba zimene anamva. Kenako anachita chimodzimodzi pa chitsulo. Mawu anali omwewo. Anayesanso mzere wina, ndi winanso, mpaka wapolisi mnzake anati, "Aise, ukufuna ulembe nawo mayeso a Sitandade 5?"

Wapolisiyo anatseka buku lake. "Mangani nsapato zanu, madala. Pitani."

Alamu anamanga nsapato n'kutuluka. Anakhala pa benchi ya m'khonde, ndipo mng'ono wanga anakawapemphera madzi. Anamwa makapu atatu. Mayi uja anakhala pambali pawo, zala zili kuseri kwa chitsulocho.

"Tsamba 42 lathera pakati pa chiganizo," anatero. "Zinzake zilipo?"

"Chinabwera chokha, mayi."

"Ndiye ichi mundipatse. Ana anga sakhulupirira kuti ndinali katswiri wa sayansi."

Alamu anachikulunganso m'thumba la simenti lija n'kumupatsa ndi manja awiri. Tinamuperekeza mpaka pa siteji ya minibasi. Mpanda wa malata alamu anautsegula 11:10, anthu anayi ali kale pa mzere ndi mawilibala awo.