Chaka Chimene Tinkasaka Zinthu za M'buku

Mwana wanga wamkazi anadwala malungo aakulu ali ndi zaka zisanu. Anachira, koma kumva kunapita. Linatsala khutu lakumanzere lokha, nalonso lomva pang'ono, ndipo kulankhula anangosiya, chonsecho kale anali wolongolola woti ukamutuma mchere ankabwera ndi nkhani za makomo onse. Kusukulu ya mkaka anandibwezera. Aphunzitsi anati wayamba mwano, akamuitana sayankha.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Zakazaka, mu Zomba. Ine ndinkasoka mayunifolomu pakhonde, bambo ake ankayendetsa galimoto la katundu ndipo pakhomo ankaoneka mwa apo ndi apo. Amene anabwera kudzagamula nkhaniyi anali achimwene anga aakulu, eni mbumba. Kwathu, mawu a malume pa mwana sawalumpha wamba.

"Chemwali, mwanayu apite kumudzi kwa amayi," anatero. "Sukulu ndi ya anthu akumva. Kumeneko azikathandiza tintchito, akula bwinobwino."

Ndinkadziwa mathero ake. Kumudzi kwathuko kunali mtsikana wina wosamva amene anakula akutungira madzi mudzi wonse, ndipo palibe anaganizapo zomugwiritsa pensulo. Ndinati, "Achimwene, ndipatseni mpaka mudzamalize kukolola ndi kutonola. Mukadzamupeza ali chimodzimodzi, katundu wake ndidzamanga ndekha." Anavomera, osati chifukwa chondikhulupirira ayi. Amandidziwa kuti ndine wamakani kuyambira ndili mwana, ndiye anaona kuti kuvomera n'kumene kungawafulumizitse kukakwera basi.

Ine si mphunzitsi, ndipo sindinadziyesepo mphunzitsi. Koma pafupi ndi msika panali bambo wina amene ankayala mabuku akale pansi, pakati pa ogulitsa nsapato za kaunjika. Ndinasankha a zithunzi, a masamba olimba, ena olumidwa m'makona ndi ana a kunja amene anali eni ake. Mawu a Chingerezi a m'munsimo ndinalibe nawo ntchito. Ndinaika lamulo limodzi lokha: chilichonse chimene tachiona m'buku, tikachisake mu Zomba muno, tichipeze, tichigwire.

Tinayamba ndi bakha. Tinatsetsereka mpaka kumtsinje wa Likangala, kumene mayi wina ankaweta abakha, ndipo ndinapempha kuti mwana agwireko mmodzi. Bakhayo sanakondwe nazo, koma mwana anaseka koyamba chidwalire. Pobwera ndinadula chilembo cha B pa kansalu kabuluu kotsala pa yunifolomu, n'kumupatsa kuti achisisite ndi chala uku akuyang'ana milomo yanga. Ndi mmene zilembo zonse zinalowera m'nyumba mwathu, za nsalu zokhazokha, zina zamaluwamaluwa. Tikaona buledi m'buku, tinkaumba wathu wadothi n'kumuyanika pa mwala. Tikaona basi, tinkapita kudepoti kukagwira tayala, makondakitala akutiyang'ana.

Vuto linabwera pa chimbalangondo. Mu Zomba mulibe, ndinafunsa. Ndiye ndinavala chijasi cha bambo ake, ndinamanga masokosi awiri kumutu ngati makutu, n'kuyamba kukwawa pabwalo. Mnzanga woyandikana naye nyumba, amene ankakazinga zitumbuwa, anasuzumira pampanda nati, "Anzanga, kumutuku zili bwinobwino?" Ndinamuyankha kuti ndili m'kalasi, asandisokoneze. Mayi yemweyo ndi amene ndinkakangana naye kawirikawiri chifukwa ankamukalipira mwana m'khutu poganiza kuti akumuthandiza. Ndinkamuuza kuti kukuwa sikuthandiza, angomuyang'ana kumaso n'kulankhula pang'onopang'ono. Anazolowera, ndipo kenako ndi iye amene ankadzudzula ena.

Pofika nthawi yoti chimanga chauma m'minda, mwana ankadziwa zilembo zonse. Ndikamuonetsa chithunzi ankasanja tinsalu take pamkeka n'kutulutsa dzina la chinthucho. Koma pakamwa panali zii. Apa ndiye ndinayamba kuopa, ndisaname. Achimwene sakanabwera kudzaona nsanza zosanjidwa bwino. Iwo ankafuna mwana woti akamufunsa ayankhe.

Panali tsamba limodzi limene tinali tisanalikwanitse. Linali la kamwana kataima paphiri, mtambo utakafika m'mawondo. Mwana wanga akafika pamenepo ankagogoda chithunzicho ndi chala, n'kuloza kumwamba, n'kupukusa mutu. Ankandiyang'ana ngati wandigwira bodza. Zina zonse tinazigwira, nanga ichi? Ndinkangomuuza ndi manja kuti adikire, chifukwa ndinkadziwa zimene phiri lathu limachita kukayamba kuzizira.

Chiperoni chitabwera m'mwezi wa Juni, ndinatseka makina, ndinamuveka majuzi awiri, tinanyamuka m'mawa. Tinakwera ndi njira ya amayi otola nkhuni. Iwo ankatsika ndi mitolo yaitali pamutu, ife tikukwera chimanjamanja, ndipo mmodzi anandifunsa ngati kumwambako kuli maliro. Pena ndinkamubereka, pena ankayenda yekha. Titalowa m'mitengo ya paini, nkhungu inatipeza. Tauni yonse kumunsi inazimiririka.

Ndinamusiya dzanja kuti ndimange bwino chitenje. Podzutsa mutu, mwana kulibe. Ndinaitana dzina lake, ndinaitananso mokuwa, kenako ndinakumbukira kuti ndikuitana munthu amene sangandimve, ndipo milomo yanga sangaione. Sindinachitepo mantha otero. Ndinangoima, osadziwa kuti ndiponde mbali iti.

Ndiye ndinamva mawu, osasa ngati chitseko chimene chakhala osatsegulidwa.

"Amayi. Ndili mu mtambo."

Sankalira. Ankangondidziwitsa. Ndinatsatira mawuwo ndipo ndinamupeza pafupi pomwepo, atatambasula manja, tsitsi lili ndi timadontho ta madzi. Ndinagwada kuti aone nkhope yanga. Iye anandiyang'ana mokhala ngati wakhumudwa nati, "Ndi wonyowa." Potsika analankhulanso pang'ono, mawu ena opindika, ena omveka bwino, ambiri odandaula kuti buku silinanene za kuzizira. Kuyambira tsiku limenelo mawu anayamba kubwerera, lero awiri, mawa angapo.

Achimwene anafika tsiku lina masana, atanyamula kathumba ka mtedza. Mwana anali pamkeka, atawafulatira. Anamuitana kuchokera pachipata, iye sanatembenuke. Anamuitananso mokweza.

"Mwaona, chemwali," anatero.

Ndinawapatsa mpando, ndinawathirira tiyi, n'kubwerera pamakina. Ndinali nditaganiza kale kuti sindimuchonderera mwana wanga pamaso pa munthu aliyense, ngakhale mwini mbumba.

Mwana atawaona anabwera, anagwada, anawapatsa moni ndi manja awiri. Kenako anakatenga buku lake n'kukhala pafupi ndi mwendo wawo. Achimwene anayamba kulankhula akuyang'ana kwa ine. Iye anaimirira, anawagwira chibwano, n'kuwatembenuza nkhope.

"Amalume, muzindiyang'ana ine. Mukayang'ana uko sindimva."

Ndevu za achimwene palibe anazigwirapo m'banja mwathu, ngakhale alamu anga ndikukayika. Koma sanachotse dzanjalo. Mwana anatsegula tsamba loyamba n'kuyamba kuwafotokozera: uyu ndi bakha, amaluma, ichi ndi chimbalangondo, ku Zomba kulibe, koma amayi amachidziwa. Ankawafunsa mafunso, akayankha atawerama ankawadzutsanso chibwano. Tiyi anazizira m'kapu. Iwo anamufunsa dzina la agogo ake, iye anatchula, kenako analisanja pamkeka ndi tinsalu take.

Za nkhani ija sananene kanthu mpaka nthawi yotsanzika. Ndinawaperekeza kufika pamsewu, tikukamba za mtengo wa feteleza ndi za denga la amayi limene linkadontha. Atatsala pang'ono kukwera minibasi anati, "Amayi ndikawauza kuti mdzukulu wawo adzabwera pa Khirisimasi, kudzacheza. Kusukuluko mukawauze aphunzitsi kuti mwanayu azikhala kutsogolo."

"Chabwino, achimwene," ndinatero, ngati munthu amene ankadziwa kale.

Ndinabwerera kunyumba, ndinakhala pamakina kuti ndimalize kolala ya malaya a mwana wa eni ake. Phazi linakana kupalasa. Ndinaisiya kolalayo, n'kukakhala pamkeka pafupi ndi mwana wanga.