Kamunthu ka pa Chithunzi cha Malume

Malume anabwera kwathu ku Thamesmead akuti adzangokhala masabata ochepa. Amayi anawapatsa chipinda changa, ine n'kumagona pa sofa. Chaka chinatha, munthu osasuntha. Ankakombeza mapoto onse, akakhuta n'kumandinena kuti ana obadwira kunja kuno tilibe mwambo.

Chimene chinandipsetsa mtima kwenikweni n'chithunzi. Anachigula pamsika ku Greenwich, kope la zimene anajambula mzungu wina wa m'zaka za m'ma 1800, yemwe ankayendayenda ndi penti wamadzi. Panali tenti yoyera m'mbali mwa nyanja, kamoto ndi bango, koma munthu panalibe. Anamatula zithunzi zanga kukhoma n'kupachikapo chawocho.

"Iwe, usachigwire," anatero. "Manja akowo ndi a tchipisi."

Kusukulu ndinali nditaphunzira kuti penti wamadzi sagwira pagalasi, koma ukadonthezera sopo wotsukira mbale amagwira. Malume atapita kuntchito ndinatsegula fulemu kumbuyo, n'kujambula kamunthu kakuda kumbali yam'kati ya galasi, kataima m'bango. Patapita masiku ndinakapukuta, n'kukajambulanso pafupi ndi moto.

"Achemwali, tabwerani," malume anaitana amayi. "Munthu uyu analipo?"

"Inu achimwene, ndangoweruka kumene kosambitsa okalamba. Ndisiyeni."

"Akuyendatu ameneyu."

"Ndiye m'funseni komwe akupita."

Malume ndi munthu woti akalota njoka amaimba foni kumudzi kufunsa amene wawatumizira. Kutaya chithunzicho ankaopa, ati chinthu chotumizidwa ukachitaya chimabwerera chitakwiya. Anachiwaza madzi amchere, koma penti wanga anali kuseri kwa galasi, sanasukuluke.

Kenako anakatenga abusa ku Peckham. M'mawa wa tsikulo ndinapukuta galasi lonse kuti mbee. Abusa anayang'ana tenti, n'kuyang'ana malume, n'kuwafunsa mwaulemu ngati akumagona mokwanira. Mawa lake ndinakabwezeretsa kamunthu kaja, ulendo uno pakhomo penipeni pa tenti, katavala chipewa chofiira ngati cha malume.

Loweruka la sabata lomwelo malume anakwera basi ndi zikwama zawo, kukakhala kwa mnzawo wa kutchalitchi. Mpaka lero amauza anthu kuti m'nyumba mwathu muli zinthu, ndipo sapondamo. Mnzanga wina amene ndinamuululira amati ndikawauze zoona, munthu wamkulu akuvutika. Ndikawauze kuti abwerere?