Maliro atakana kuchoka ku Chawama

Ntchito yanga yoyamba anandipezera amalume, amene ankaimba kwaya limodzi ndi ba Mwansa, mwini kagaraji ka pansi pa mtengo wa mango ku Chawama. Bambowo anangondiyang'ana m'manja, nati, "Ubwele mailo na ovolosi."

Mawa lake ndinayamba ntchito. Miyezi inayi ndinkangosintha oyilo ndi mafyuluta. Kenako kunabwera kalole ka dizilo ka ba Tembo, kamene kankazima kokha pamsewu. Ba Mwansa anali atapita ku Kabwe, ndiye ine ndinadziona katswiri. Ndinasintha fyuluta ya dizilo, ndinaliza injini mphindi ziwiri, ndinamva ikulira bwino, basi ndinapereka galimoto.

Loweruka ba Tembo anandiimbira foni. Kalole kanali katatenga maliro kumochale, kupita nawo kutchalitchi, ndipo pa ulendo wa kumanda kanazimira pamphambano, bokosi lili pamwamba.

Nditafika ndinapeza nyimbo zaleka. Kwathu kuno galimoto ya maliro ikafa, anthu sathamangira kuyang'ana injini, amati malemu akukana kupita chifukwa wina anawalakwira. Mlongo wa malemu anali ataloza kale mkazi wamasiye. "Bakana kuyenda. Ba mulamu bakambe vamene banachita." Wamasiyeyo anangowerama, chitenje kumaso. Manyazi anandigwira, chifukwa wolakwa pamenepo ndinali ine.

Ndinapotoza kiyi. Sitata inkazungulira mwamphamvu, dizilo ankafika, koma singano yosonyeza liwiro la injini sinagwedezeke n'komwe. Ndinalowa pansi n'kuzula pulagi ya sensa ya kirankishafuti, kachipangizo kamene kamauza kompyuta ya galimoto kuti injini ikuzungulira. Nditaiyesa pa maltimita, choyezera magetsi, sipanaoneke kanthu. Ndinapempha madzi m'chigubu chimene azimayi ananyamulira osamba m'manja kumanda, ndinathira pa sensayo. Itazizira, manambala anabwera. Kani inkafa ikatentha, pomwe ine ndinali nditayesa injini yozizira.

Ndinathamangira kugaraji, kumene kunali injini yakufa ya mtundu womwewo, n'kuchotsako sensa yake. Bauti imodzi yokha, sipanala ya teni. Ndinapukuta bowo, ndinamanga, ndinabwezera pulagi. Kalole kanalira kamodzi n'kamodzi.

Sensa yakale, kanthu kongofanana ndi chala, ndinakaionetsa mlongo uja pamaso pa onse. "Amai, wamene enze kukana ni uyu." Azimayi anayambanso nyimbo, ndipo mmodzi anagwira wamasiye dzanja kumukweza m'kalole.

Lolemba ba Mwansa anamva zonse osandidula mawu. "Motoka siidwalila mu garaji, iwe. Uziyendesa mpaka ipye."

Lero ndili ndi garaji yangayanga ku Kanyama, ndipo galimoto siichoka ndisanazungulire nayo mpaka injini itatentha. Eni ake amadandaula kuti ndikuwathera dizilo. Ndimawasiya adandaule. Iwo sanamuone mayi uja ataphimba nkhope chifukwa cha mphindi zanga ziwiri.