Inshuwalansi ya Khasu

Aphunzitsi athu a sayansi, mzungu wobwera pa viza, anandifunsa komwe mlendo angapeze inshuwalansi yoti akadwala asavutike.

"Kuno ku Mitundu n'zosavuta, aphunzitsi," ndinatero osaseka n'komwe. "Mumapalira munda wa munthu, ndiye mukagonekedwa m'chipatala, iyeyo amakakudikirirani."

Ndinawalozera munda wa amayi, ndime yanga yeniyeniyo. Anapalira mpaka manja onse matuza, ine ndili pamthunzi kudya mango.

Ndikuvomera, linali bodza. Koma malungo atawagwetsa aphunzitsiwo, amayi anamangadi mapoto pachitenje.

"Munthu uja anatipalirira. Iwe mlesi, senza nkhunizi, tiye kuchipatala!"

Khosi linandiwawa, inde. Koma mpaka lero aphunzitsiwo amauza azungu anzawo kuti inshuwalansi ya kuno ndi yodalirika. Ndiwatsutse ine?