Dzanja la Esinati Silinafike pa Khutu

Ndikukumbukira m'mawa umene amayi anatitenga kukatilembetsa sukulu, ine ndi mlongo wanga Esinati. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, iye zisanu ndi ziwiri, koma msinkhu ndinkamuposa chifukwa matenda otupikana anamupinimbiritsa chaka cha njala.

Makolo athu anali matenanti pa esiteti ina kuseri kwa Mitundu. Za sukulu ya mkombaphala tinkangozimva. Masewera athu anali kusoka fodya m'chigafa, zala zili nomi ndi utomoni wowawa. Mmenemo ndi mmene Esinati anaphunzirira kuwerenga masamba mpaka handiredi, nandiphunzitsa ine mbuli yotherera pa teni.

Zikalata za kubadwa tinalibe, choncho aphunzitsi ankayesa ana pansi pa mtengo wa mango. Mwana ankadutsitsa dzanja pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Ine ndinagwira. Esinati anadzikoka mpaka misozi, koma chala chinatsala pang'ono.

"Mayi, uyu sanakhwime. Mubwere naye chaka chamawa," anatero mphunzitsi.

Amayi anayesa kunena kuti wamkulu ndi iyeyo, koma mzere unali wautali. Pobwerera ndinamuseka njira yonse, ndikumutcha kafupi. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Chaka chonsecho Esinati ankalendewera pa mitengo ya chigafa kuti manja atalike. Ndikaweruka ankandilanda sileti n'kumatsanzira zilembo pa dothi. Chaka chamawacho tinasamukira ku esiteti ya ku Nathenje, amayi ali ndi khanda, ndipo mlezi wa khandalo anali Esinati. Dzanja linadzafika pa khutu, koma panalibenso womuyesa. Anakwatiwa asanakwane zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Lero ndimayendetsa galimoto ya banja lina la ku China mu Lilongwe. Kamtsikana kawo ka zaka zinayi ndimakapititsa kosambira, koimba piyano ndi kojambula, mpaka kamagonera m'galimoto ndi kutopa. Mayi ake amadandaulabe kuti mwina sikanakonzeke kuyamba sukulu. Ine ndimangoyendetsa, maso pamsewu.

Tsopano ndikudziwa kuti pansi pa mango paja sankayesa nzeru. Ankayesa zimene mwana wadya. Mwezi watha ndinaperekeza Esinati kuchipatala, ndipo anamupatsa pepala loti asayine. Anandiyang'ana, n'kupereka dzanja lomwe lija kuti alipake inki, adinde ndi chala.