Sikuta Yopanda Odi

A Ezekiele a ku Ligowe ndi munthu wamanyazi kwabasi. Ntchito yawo ndi yopikula manachesi kumudzi n'kukagulitsa pa Neno Boma, koma chinawatchukitsa ndi chisikuta chawo chakalekale, chopangidwa ku India iwo asanamere ndevu. Chinkalira ngati chigayo, utsi tolotolo.

Phokosolo linali ndi ntchito yake. A Ezekiele ali pachikamwini, ndipo iwo ndi apongozi awo aakazi amaopana zenizeni: sayang'anana, salankhulana, mawu onse amadzera mwa Mailesi, mkazi wawo. Chisikuta chikangomveka kutsidya, gogoyo ankanyamula mkeka wake n'kuzungulira kuseri. Ana anabadwa mpaka kukula, ulemu uli chilili.

Ndiye mwana wawo Tawonga, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anawamvera chisoni n'kuwatumizira kasikuta kamagetsi, kaja amayendera anthu am'tauni. Kokongola, kosamwa petulo, kongotchaja ngati foni. Koma kulira ayi, kamangoti zii!

Tsiku loyamba lomwelo, pokhota pa khola la mbuzi, maso ndi maso ndi apongozi, mzimbe uli kukamwa. Mayo ine! A Ezekiele anataya sikuta n'kudumphira mu nthochi. Tsoka ilo, apongozi nawonso anathawira mu nthochi momwemo. Anagundana mitu, aliyense n'kutulukira kwake, osapepesana poti kulankhulana n'kosatheka.

Madzulo ake Mailesi anabwera ndi uthenga. "Amayi akumanga katundu. Akuti akakhala kwa achimwene ku Lisungwi, atopa n'kuyenda mozemba pakhomo pawo pomwe. Akachoka chifukwa cha inu, mudziwa chochita."

A Ezekiele mtima unawawa, chifukwa gogoyo amamukonda ngakhale nkhope yake saidziwa bwino. Chisikuta chakale anali atagulitsa kale kwa okhoma mbaula.

"Bwanji osangoliza hutala?" anafunsa Mailesi.

"Iwe! Hutala kwa apongozi? Asanduka mbuzi?"

M'mawa mwake anthu a ku Ligowe anaona zoti sadzaiwala. Bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, jekete ili pathupi, akutsika mtunda pa kasikuta kachete, masaya ali tuu, akuliza injini ndi pakamwa: "Bvuuu! Bvu-bvu-bvu-bvuuu!" Posintha giya sankaiwala, ngakhale kasikutako giya kalibe. Amayi pa mjigo anaseka mpaka kugwetsa zidebe, koma iwo nkhope ili gwa, kumangobvuma basi.

Zinayenda choncho mpaka tsiku lina, akuyandikira pakhomo, ntchentche inalowa mu injini ya pakamwa ija. Anatsamwa, anatsokomola, misozi mbwee, kasikuta n'kuima pafupi ndi bafa.

Kuseri kwa mpanda wa udzu kunamveka kuseka kobisa, kenako mawu a apongozi. Mailesi anali kudimba, ndiye panalibe wodzeramo.

"Atsamwa kodi bambo?"

A Ezekiele anagwada pomwepo, maso pansi, manja akuomba.

"Amwe madzi, injini ingafe," anatero gogoyo. "Ndipo akamuuze Mailesi amasule katundu wanga. Ku Lisungwi kulibe mkamwini wondichitira zimenezi."