Tebulo Limene Glenn Analitaya Pamsewu

Madzi osefukira atatsika, Kerryn Maddock anatsala ndi zinthu ziwiri zokha: kagalimoto kakale kapikiapu, ndi tebulo lamatope limene analimangirira kumbuyo kwake. Nyumba analibe. Ankagona m'kagalimotoko kuseri kwa bwalo la zionetsero zaulimi, n'kumasamba kumaso pampopi womwetsera mahatchi.

Inu amene mukuti moyo wakupanikizani, imvani za mayi ameneyu. Koma ndineneretu, nkhaniyi imandipsetsa mtima mpaka lero.

Kerryn anasiya sukulu ya unamwino mayi ake, a Maureen, atamwalira, kuti azisamalira bambo ake, a Lindsay, amene mutu unayamba kuwasokonekera ndi ukalamba. Kwa zaka zoposa khumi ankawasambitsa, kuwameta ndevu, ndi kuwafunafuna m'misewu akasochera. Mlongo wake Glenn ankakhala kutali, mumzinda wa Brisbane. Iye ankangobwera pa Khirisimasi ndi katoni ya mowa, kujambulitsa zithunzi atawakumbatira bambowo, n'kubwerera.

Mtsinje utalowa m'nyumba mpaka m'mazenera, anthu anawapulumutsa awiriwo pabwato, ndipo Kerryn anakakhala ndi bambo ake kuchipatala. Apa ndiye Glenn anafika msanga, ati kudzathandiza! Anasonkhanitsa anthu ongodzipereka kuti akokolole matope. Anthuwo sindikuwanena, ankangotsatira zimene mwana wa mwininyumba akulamula. Pamene Kerryn ankabwerako, katundu yense anali ataunjikidwa m'mbali mwa msewu, kudikira lole ya khonsolo yotola zinyalala.

Pamwamba pa muluwo panali tebulo la mkungudza wofiira, miyendo ili m'mwamba. Analipanga ndi agogo awo aamuna, ndipo a Lindsay anadyerapo chiyambire ali khanda.

"Achimwene, ngakhale tebulo la ababa?" anafunsa Kerryn.

"Iwe, likununkha chimbudzi limenelo," anatero Glenn akupukuta manja. "Ngati ukulifuna tola, ndi lako. Uzikadyerapo matope."

Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti chinthu ukachiika m'mbali mwa msewu ndiye kuti wachisiya, wotola ndiye mwini wake. Kerryn analikoka yekha tebulolo mpaka kulikweza m'galimoto, Glenn ali chilili, manja m'thumba.

Sipanapite nthawi, Glenn anakawasiya bambowo kunyumba yosungirako okalamba, nyumba ija n'kuigulitsa momwe inalili. Glenn yemweyo anangomuuza Kerryn kuti, "Ndiwe wamkulu, uona chochita." Zaka khumi zochapa zofunda zamikodzo, malipiro ake n'kukhala amenewo. Anthu ena mtima anaupachika kuti?

Kumalo achilendowo a Lindsay anayamba kukana chakudya. Akawabweretsera pathireyi ankangokankhira kumbali, amvekere, "Ndikadya kwathu, patebulo langa." Anamwino ankachita kuwanyengerera kuti ameze timasipuni tingapo ta phala. Kerryn akapita kukawaona, iwo ankamuyang'ana mwaulemu n'kufunsa kuti, "Ndinu namwino watsopano?"

Tsiku lina Kerryn anatuluka m'menemo misozi ili chuchuchu, nagwira mwendo wa tebulo lija, n'kulumbira kuti bambo ake sadzamwalira asanadyerenso pamenepo.

Amene anamutola anali Mayi Petrakis, mayi wamasiye amene kale ankagulitsa nsomba ndi tchipisi, wapakamwa posabisa mawu.

"Mwanawe, tebulo limeneli ukuyenda nalo paliponse, ndi mwamuna wako?" anatero mayiwo atamupeza pampopi paja. "Bwera nalo m'galaja mwanga. Malemu amuna anga anasiya zipangizo zaukalipentala zikungochita dzimbiri. Nawenso ugonemo, ukununkha hatchi."

Kerryn za matabwa sankadziwa kalikonse, ndipo anali pa changu. Analitsuka tebulolo ndi paipi, n'kuliyanika padzuwa la masana kuti liume msanga. Pofika madzulo thabwa limodzi la pamwamba linali litang'ambika kuchokera uku mpaka uko. Anakhala pansi n'kulira mokweza, poganiza kuti wamaliza ndi manja ake zimene mtsinje unalephera.

"Walira zokwanira?" anatero Mayi Petrakis. "Libwezere pamthunzi, liume mwakufuna kwake. Ndipo usalikhudzenso mpaka utaphunzira. Ukaphunzirire pa zinyalala za anthu ena."

Zinyalalazo zinali mbwee tauni yonse. Kerryn anayamba kuzungulira m'misewu kutola mipando yothyoka, makabati otupa ndi madirowa okana kutseguka. Anthu amene anakula nawo ankatembenukira kumbali akamuona ali pamulu. Ena ankanong'onezana kuti mwana wa a Lindsay wasanduka wotola m'zinyalala. Onong'onawo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsapo kumene akugona.

Anapita kushedi kumene madoda opuma pantchito amakapalira matabwa, kukapempha kuti amuphunzitse. "Kuno n'kwa azibambo, mayi," anamuuza choncho. Asa! Ngati kuti guluu amafunsa kaye amene wamugwira. Kerryn sanakangane nawo. Ankangobwera m'mawa uliwonse n'kuima pakhomo ndi mwendo wa mpando m'manja, kufunsa funso limodzi. Madodawo anatopa naye, n'kuyamba kumuyankha kuti achoke, kenako anayamba kumuyankha chifukwa chokonda kufunsidwa.

Mpando woyamba umene anapita nawo kumsika wa Loweruka unaphwasuka bambo wina atangoukhalira, ndipo msika wonse unafa nacho chikhakhali. Kerryn anatola zidutswazo, nakazimatanso. Zala zinasupuka ndi sandipepala, msana unkawawa, koma mpando wachiwiri sunaphwasuke. Wachitatu anaugula mayi wina amene anabweranso mawa lake atanyamula kabati ya malemu mayi ake, imene anali atatsala pang'ono kuitaya.

Mbiri inayenda. Anthu amene madzi anawalanda zonse anayamba kumubweretsera kanthu kamodzi kamene anapulumutsa, wina bokosi la ukwati, wina mpando wa agogo. Kerryn anachita lendi shopu yakale ya butchala imene aliyense ankaikana chifukwa munalowa madzi, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda ndi kakhitchini.

Koma a Lindsay ankangoonderaonderabe. Lamba anali atamuboola mabowo atsopano, ndipo namwino wina anamukokera Kerryn pambali n'kumuuza kuti ngati pali chimene akufuna kuwachitira, asachedwe.

Ndipamene analivundukula tebulo lija. Linali litauma bwinobwino. Mng'alu uja anaumata n'kuupana, kenako anayamba kulipala ndi manja, osafuna makina. Pansi pa matope ndi vanishi wakale panatuluka thabwa lofiira psuu, lonunkhira ngati ladulidwa dzulo. Pakona imodzi panali banga lakuda looneka ngati simbi yositira.

"Pala apo, pakunyansa," anatero Mayi Petrakis.

"Apo ayi, mayi. Amayi ankasita pamenepo tsiku limene ndinabadwa. Zowawa zitawayamba anaisiya simbi ili chogona, n'kuthamangira kuchipatala. Ababa ankaikamba nkhani imeneyi chaka chilichonse."

Analizungulira bangalo mosamala, napaka polishi, kudikira aume, kupakanso, mpaka tebulo linayamba kuonetsa nkhope ya munthu.

Mukudziwa amene anatulukira? Glenn! Anaona chithunzi cha tebulolo pafoni, n'kuyenda ulendo wonse uja ndi ngolo yokoka kumbuyo kwa galimoto. Munthu amene sanapiteko kukaona bambo ake chiwasiyireni, ngolo yokha anaikumbukira.

"Chemwali, apa ndiye wagwira ntchito," anatero akusisita thabwalo. "Koma ukudziwa kuti ili ndi tebulo la banja, ndipo woyamba kubadwa ndine. Likakhale kwanga, kumene sikufika madzi. Banga ili tikalichotsetsa kwa akatswiri."

Kerryn anamuyang'ana m'maso. Kwa zaka zonsezi anali asanamuyankhepo mlongo wakeyo mokweza.

"Achimwene, munaliika pamsewu ndi manja anu. Munati ndi langa, ndizikadyerapo matope. Tulukani panja mufunse aliyense m'tauni muno kuti chotola pamsewu n'cha yani."

"Iwe, zija ndinangonena."

"Inenso ndinangotola."

Mayi Petrakis, amene anali pakhomo ndi kapu ya tiyi, anathira ndemanga. "Pamsewu wakumunsi pakadali mipando yambiri, bambo. Ngolo muli nayo kale, katoleni yanu."

"Lamlungu ababa adzadya pano," anatero Kerryn. "Mukafuna bwerani, mpando wanu ulipo. Koma tebulo silituluka."

Glenn anabwerera ndi ngolo yopanda kanthu. Lamlungulo mpando wake unakhala wopanda munthu, ndipo ine sindidzamuikira kumbuyo.

Kerryn anakawatenga bambo ake pachikuku. Anali atawotcha nyama ya nkhosa, mbatata ndi dzungu, monga ankachitira mayi ake. Anawasendeza kumutu kwa tebulo, n'kuika mbale patsogolo pawo. A Lindsay anangoti duu, maso ali pakhoma. Mbale ija sanaiyang'ane n'komwe. Kerryn anaima pambali, akuganiza kuti mwina wachedwa.

Kenako dzanja lawo lowonda lija linayamba kuyenda pathabwa, pang'onopang'ono, mpaka linafika pakona. Chala chinaima pabanga lija, n'kulizungulira.

"Simbi ya Maureen," anatero motsitsa. "Apa ndi pa Kerryn."

Anadzutsa mutu, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Kerryn, mwana wanga, waonda chonchi bwanji? Khala pansi tidye. Tandipatsa foloko."

Anadya mbale yonse, n'kupempha dzungu lina. Mayi Petrakis anathawira kukhitchini, ati kukaona ketulo, chonsecho ketuloyo inali isanaikidwe n'pamoto pomwe.

A Lindsay anadyera patebulo lawo Lamlungu lililonse mpaka pamene anamwalira, kuzizira kutangoyamba. Masiku ena ankamuzindikira mwana wawo, masiku ena ayi, koma mbale sanaikankhenso. Lero shopu ya Kerryn ili ndi antchito, ambiri mwa iwo amayi amene anauzidwapo kuti kuno n'kwa azibambo. Tebulo lija lili pakati pa shopuyo, ndipo amadyerapo onse masana. Ofuna kuligula amabwera, amabwereranso.

Tsono inu amene abale anu enieni anakuikani m'mbali mwa msewu, n'kunena kuti mwatha ntchito, ipsani mtima ndithu, pakuti anakulakwirani. Koma mkwiyowo musagone nawo m'galimoto. Pitani nawo pakhomo pamene akukukanani, muime pomwepo mpaka akuyankheni. Mukang'amba thabwa loyamba, lirani, mukatha mulimate. Ndipo tsiku limene okutayani aja adzabwere ndi ngolo, mudzawauze maso ali gwa kuti anakusiyani okha, munadzitola nokha.

Musataye mtima, abale anga. Dzukani, lole ya khonsolo isanafike.